Mzere wa mayi wamasiye, chiletso cha bwana: akutayitsa nthawi makhoti ndani?

Mvula yoyamba ikangogwa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mabwalo a mafumu amayamba kudzaza. Wina popanga mizere walowerera m'munda wa mnzake. Nkhadze yomwe agogo anadzala pangodya kuti ikhale malire yapezeka itazulidwa. Mbuzi zomwe zinkayenda motayirira chilimwe chonse zachedwa kumangidwa, ndiye zabudula chimanga chongomera kumene. Pansi pa mkuyu, abambo mbali iyi, amayi mbali iyo atatambalala pansi, nyakwawa ndi nduna zake amamvetsera wodandaula mpaka amalize, kenaka woyankha, kenaka mboni. Aliyense amayamba waomba m'manja asanatsegule pakamwa. Nthawi zina mbuzi yopalamulayo imakhala pomwepo, itamangidwa pachitsa, ikungobzikula.

Dzuwa limatha kupendeka anthu akulimbanabe za mzere umodzi.

Wa m'tauni akamva zimenezi amapukusa mutu, amvekere anthu akumudzi amakonda milandu chifukwa chosowa chochita. Koma masamu ake ndi awa. Alangizi a zaulimi amati mizere ya chimanga italikirane masentimita 75, mapando atalikirane masentimita 25. Mzere umodzi wotalika mamita 100 ndiye kuti uli ndi mapesi 400. Woyandikana naye munda akamadya mzere umodzi chaka ndi chaka, pakutha pa zaka 10 amakhala atalowa mamita 7 ndi theka, malo oyandikira gawo limodzi mwa magawo asanu a ekala. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 772,569 ku Dowa ndi 317,069 ku Ntchisi, ndipo anthu akuchulukirabe pamene mapiri ali omwe aja. Mayi wamasiye amene wakadandaula kwa mfumu za mzere umodzi akudziwa kuti akaulekerera chaka chino, ana ake adzapeza munda utatha.

Komabe funso lilipo, ndipo limamveka m'Nyumba ya Malamulo ndi pa mawailesi omwe: kodi makhoti a dziko lino sakulemedwa ndi milandu yopanda mutu, yongotayitsa nthawi oweruza ndi ndalama za okhoma msonkho? Milandu yotere ilipodi. Vuto n'lakuti anthu akamaifufuza, chala chimakonda kuloza kolakwika.

Khofi wa ku Albuquerque

Nkhani imene dziko lonse limathamangira kuitchula pa mfundo imeneyi inachitikira ku America. Amaikamba motere: gogo wina anadzitayira yekha khofi, n'kukasumira kampani ya McDonald's, n'kutuluka m'khoti ali mpondamatiki. Akatswiri a nthabwala pa wailesi zakanema anadyerera nayo kwa zaka.

Zomwe zinamveka m'khoti n'zina. Mu Febuluwale 1992, Stella Liebeck, wa zaka 79, anali m'galimoto yoyendetsa mdzukulu wake ku Albuquerque m'chigawo cha New Mexico. Galimotoyo inali itaima. Gogoyu anapanira kapu pakati pa mawondo kuti achotse chivindikiro athiremo shuga, ndipo khofi yense anamukhuthukira pantchafu. Kampaniyo inkagulitsa khofi wotentha madigiri 82 mpaka 88, kutentha kopsereza khungu mpaka kumnofu m'masekondi ochepa chabe. Anagona m'chipatala masiku 8, madokotala akumata mabalawo ndi khungu lochotsa pena pathupi lake. Poyamba za khoti sanazifune. Anapempha madola 20,000 kuti alipire chipatala ndi zina zomwe anawononga, kampani n'kunena kuti ipereka madola 800. Mlandu utazengedwa mu 1994 zinaululika kuti m'zaka 10 za m'mbuyomo kampaniyo inali italandira madandaulo oposa 700 a anthu opsa ndi khofi wake. Nzika zomwe zinasankhidwa kuweruza mlanduwo zinagamula chipukuta misozi cha madola 160,000, zitachotsapo kale gawo la kulakwa kwa gogoyo mwini wake, n'kuwonjezera madola 2.7 miliyoni ngati chilango, ndalama zomwe kampaniyo inkapeza pa khofi m'masiku awiri okha. Woweruza anadula chilangocho kufika pa madola 480,000, ndipo pamapeto pake mbali ziwirizo zinamvana mwachinsinsi. Mbali imeneyi anthabwala aja sankaikamba.

Mlandu wopanda mutu weniweni unachitikira ku Washington. Mu 2005 Roy Pearson anati banja la a Chung, ochokera ku South Korea, omwe anali ndi shopu yochapa zovala, amutayira thalauza. Anafuna madola 67 miliyoni, kenaka n'kuchita chifundo kutsitsa kufika pa 54 miliyoni. Anagonja mu 2007, koma banjalo linali litazunzika kale zaka ziwiri ndipo shopuyo linaitseka. Pearson sanali mbuli pa malamulo. Anali loya, ndiponso woweruza milandu yokhudza maofesi a boma.

Amene dziko linamuseka ndi gogo wopsa uja, pamene wozunza anzake ndi mapepala anali katswiri wa malamulo. Kuno kwathu zinthu sizikusiyana kwenikweni.

Ulendo wa ku Lilongwe

Malamulo a dziko lino sanasiye khomo pululu. Gawo 41 la malamulo aakulu limapatsa munthu aliyense ufulu wokatula nkhani yake kukhoti, koma malamulo oyendetsera milandu ya pakati pa anthu m'bwalo lalikulu, omwe anayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2017, amapatsanso woweruza mphamvu yotaya mlandu wopanda maziko kapena wongofuna kuzunza wina. Milandu yambiri isanafike pozengedwa, mbali ziwiri zimayamba zakhala pansi pamaso pa woweruza kuti ziyese kumvana. Palinso mkwapulo wina womwe ku America sugwira kawirikawiri: kuno wogonja nthawi zambiri amalamulidwa kubweza ndalama zomwe wopambana wawononga pa mlanduwo, ndipo akalephera masherifu amabwera kudzanyamula katundu. Chipukuta misozi nachonso amawerengera ndi akhoti eni ake, potsatira zomwe zinaperekedwapo pa milandu yofanana. Mamiliyoni a madola chifukwa cha thalauza kuno sangatheke.

Ndiye taganizirani mlimi wa soya wa kwa Nthondo kapena kwa Kasakula amene wogula wamunyamulira matumba pangongole n'kuzimiririka. Ku Ntchisi ndi ku Dowa kuli makhoti a majisitireti okha. Nkhani ikakula kufika pa bwalo lalikulu, ulendo ndi wa ku Lilongwe. Kabaza mpaka paboma, minibasi kudzera pa Mponela, kachakudya ka panjira, mwinanso pogona. Maloya pafupifupi onse ali ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ndipo sayamba ntchito chimanjamanja. Akafika n'kumva kuti mlandu waimitsidwa poti fayilo sikuoneka, kapena loya wa mbali inayo ali kubwalo lina, ndalama zonsezo zalowa m'madzi ndipo ulendowo adzauyendanso. Munthu wotere sasumira mnzake mwamasewera. Ambiri amene ali ndi milandu yomveka bwino, tenanti wosalipidwa atamaliza kusoka ndi kudinda fodya, mayi wolandidwa katundu mwamuna wake atangoikidwa, wokwera njinga wogundidwa ndi lole pa msewu wa M1 pa Madisi, amangoti "tasiyira Mulungu" n'kubwerera kumunda.

Sikuti kumudzi kulibe amtopola. Alipo oti akagonja kwa nyakwawa amapita kwa gulupu, akagonja kwa gulupu amapita kwa mfumu yaikulu, kenaka kwa DC, wopanda umboni uliwonse watsopano, kungofuna kuti mnzawoyo asaone tulo. Mikangano ya ufumu ndiye imachita kunyanya, makamaka poti ufumu uli ndi mswahala komanso mawu pa nkhani za minda ndi thandizo lofika m'mudzi. Banja lina likangomva kuti anzawo akulonga ufumu Loweruka, Lachisanu limatulukira ndi pepala la kukhoti. Mowa wofulula kale umasasa m'migolo, alendo amabwerera panjira, ndipo mudzi umatha zaka wopanda mfumu yovomerezeka. Makampani a inshulansi nawo akhala akudandaula za anthu apakati amene amazungulira m'zipatala kusaka ovulala pangozi, nthawi zina n'kukokomeza mabala kuti ndalama zikwere. Zoterezi zimachitikadi. Koma bungwe la maloya la Malawi Law Society lakhalanso likulandira madandaulo a ovulala enieni omwe chipukuta misozi chawo chinathera m'manja mwa owaimira.

Dziko la ziletso

Pepala lofika Lachisanu lija, lomwe ndi chiletso, ndiye mwini nkhani. Chiletso ndi lamulo la khoti loimitsa chinthu kwa kanthawi mpaka mlandu weniweni utamvedwa. Woweruza amayang'ana ngati pali nkhani yeniyeni yofunika kuzengedwa, ngati ndalama sizingathe kukonza zomwe zingawonongeke, ndiponso mbali imene chilungamo chikupendekera. Pa zinthu zadzidzidzi amatha kuchipereka atamva mbali imodzi yokha, ngakhale kunja kutada. Cholinga chake n'chabwino, pakuti nyumba ikagwetsedwa lero, chigamulo cha chaka chamawa sichingaidzutse. Koma kwa munthu amene akudziwa kuti pa mlandu weniweniwo adzagonja, chiletsocho ndicho chonse chimene akufuna. Akachipeza safulumiranso.

Amalawi anazionera okha pa nkhani ya gawo 65 la malamulo aakulu. Bingu wa Mutharika atatuluka m'chipani cha UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri anamutsatira. Mu Juni 2007 bwalo la Supreme linagamula kuti gawo 65, lomwe limachotsa pampando phungu wosintha chipani m'Nyumba ya Malamulo, n'lovomerezeka. Aphungu okhudzidwa anathamangira kukhoti n'kutenga ziletso zomanga manja Sipikala Louis Chimango. Otsutsa boma nawo anati bajeti siidutsa mpaka gawolo litagwira ntchito. Bajeti ya chaka chimenecho, momwe munali ndalama za makuponi a feteleza omwe alimi a kwa Chiwere ndi kwa Kalumo ankadikira, inadzadutsa mu Sepitembala. Chisankho cha 2009 chinapeza aphungu aja akadali pamipando yawo.

Boma lomwe linapulumukira pa ziletso ndi lomwenso linadzatopa nazo. Mu 2011 linabweretsa lamulo loletsa makhoti kupereka chiletso chokhudza boma asanamve mbali ya boma, ati ziletso zikulepheretsa ntchito. Chaka chomwecho, usiku woti mawa lake pa 20 Julayi kuli zionetsero za dziko lonse, nzika ina inapeza chiletso choimitsa zionetserozo. M'mawa apolisi anatsekereza anthu omwe anali atasonkhana kale, ndipo pamene chiletsocho chinkachotsedwa tsiku lomwelo, zinthu zinali zitafika kale poipa. Anthu 20 anafa. Pepala silinawombere munthu, koma chisokonezo cha m'mawa umenewo chinayambira pa ilo. Lamulo la ziletso lija linathetsedwa mu 2012 Joyce Banda atalowa m'boma.

Kukanakhala kuti lamulolo linalipobe, mwina za mu 2020 zikanayenda mwina. Boma linalengeza kuti chifukwa cha Covid-19 anthu abindikire m'nyumba masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo. Pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso, bungwe la HRDC ndi anzake atadandaula kuti boma silinakonze chomwe anthu odalira ganyu ndi geni ya tsiku ndi tsiku adzadye. Ena anati uku n'kusewera ndi miyoyo ya anthu. Koma pasanathe masabata awiri boma linalengeza thandizo la K35,000 pamwezi kwa mabanja ovutika a m'mizinda, ndipo mu Sepitembala bwalo linagamula kuti malamulo a m'bindikirowo ankasemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Mayi wogulitsa tomato pamsewu pa Chezi sanapite kukhoti, koma chiletso chimenecho chinamuimira.

Dzaleka

Dowa ili ndi chitsanzo chakechake. Dzaleka, makilomita ochepa kuchokera paboma, inali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo mu 1994 inasanduka msasa wa anthu othawa kwawo. Malowo anakonzedwera anthu 10,000 mpaka 12,000, koma muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. M'kupita kwa zaka ena anatulukamo n'kukatsegula magolosale m'matauni ndi m'misika ya kumidzi. Ena anakwatirana ndi Amalawi, ana awo n'kukula akuyankhula Chichewa. Amalonda ena a kuno ankadandaula kuti alendowa akuwalanda msika.

Mu Epulo 2021 unduna woona za chitetezo cha m'dziko, womwe pa nthawiyo nduna yake inali Richard Chimwendo Banda, phungu wa kum'mawa kwa Dowa komweko, unalamula kuti onse akhale atabwerera ku Dzaleka pofika pa 28 mwezi womwewo. Ena mwa iwo anapita kubwalo lalikulu n'kupeza chiletso. Anthu ambiri zinawanyansa: mlendo angasumire bwanji boma lomwe likumusunga? Mu Ogasiti 2022 bwalo linachotsa chiletsocho. Lamulo linali kumbali ya boma, pakuti dziko la Malawi polowa m'pangano la United Nations la 1951 lokhudza othawa kwawo linakana kumangidwa ndi mfundo zina, kuphatikizapo ufulu wokhala kulikonse ndi wogwira ntchito. Pa 17 Meyi 2023 apolisi ndi asilikali anayamba kusesa m'madera a mumzinda wa Lilongwe. Anthu mazanamazana, ana omwe, anayamba atsekeredwa kaye kundende ya Maula asanawapititse ku Dzaleka.

Kodi poti anagonja ndiye kuti mlandu wawo unali wopanda mutu? Ayi ndithu. Munthu amene wakhala pamalo zaka 15 kapena 20, ali ndi banja, ngongole ndi katundu m'shopu, n'kuuzidwa kuti m'masabata awiri asamukire kumsasa wodzaza kale kanayi kuposa muyeso wake, ali ndi funso loyenera kuti woweruza alimve. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Zomwe zinaoneka mu 2023 n'zomwe ankaopazo. Kugonja pa mlandu n'kwina, kubweretsa mlandu wopanda maziko n'kwinanso, ndipo amene amakonda kusakaniza ziwirizi nthawi zambiri amakhala wosumiridwayo.

Pempho loti mlandu utayidwe usanayambe n'komwe ndilo chida choyamba cha wamphamvu akasumiridwa. Mu Disembala 2020 alimi a fodya a ku Malawi oposa 7,000, mwa iwo ana oposa 3,000, anasumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial kubwalo lalikulu la ku London kudzera mwa maloya a Leigh Day. Dandaulo lawo munthu wa ku Madisi, ku Bowe kapena ku Malomo angalimve popanda womasulira: banja lonse m'munda ndi m'chigafa kuyambira m'mawa mpaka usiku, ana kujomba kusukulu, phoso losakwana koma lodula pa malipiro, ndiye pakutha pa nyengo tenanti n'kuuzidwa kuti ngongole yadya zonse. Makampaniwo amakana milanduyi. Anapempha bwalo kuti liutaye mlanduwo, ati alimiwo alibe umboni woti fodya wawo anafikadi m'mafakitale awo. Mu Juni 2021 woweruza Martin Spencer anakana pempholo. Sananene kuti alimi apambana. Anati wodandaula sakakamizidwa kukhala ndi umboni wonse m'manja tsiku loyamba. Ndipo n'zomveka, chifukwa zikalata zosonyeza komwe belo limapita likachoka pa okushoni ku Kanengo sizikhala m'thumba mwa tenanti.

Ngakhale mlandu wa chisankho cha 2019, womwe pa 3 Febuluwale 2020 unafafaniza zotsatira zothiridwa Tipp-Ex, maloya a mbali yoyankha anayamba apempha kuti utayidwe usanamvedwe. Oweruza asanu omwe ankamva mlanduwo anakana.

Palinso milandu yomwe poyamba imaoneka yaing'ono kwambiri. Mu Malichi 2015, m'bandakucha, apolisi ku Blantyre anagwira Mayeso Gwanda akupita kumsika wa Limbe kukagulitsa majumbo. Mlandu wake unali wa vakabu, womwe anthu osauka ambiri ankangouvomera kuti alipire chindapusa atuluke. Iye anautengera kubwalo lalikulu, ndipo pa 10 Januwale 2017 oweruza atatu anagamula kuti ndime ya lamulo yomwe anamumangira ikusemphana ndi malamulo aakulu. Mlimi aliyense amene amalawirira mdima kukagwira msika wa Mponela ndi katundu panjinga anapindula ndi khama la wogulitsa majumbo ameneyu.

Milandu yotsekera pakamwa

Milandu yoipitsitsa pa yonse yopanda maziko ndi imene wosumayo safuna n'komwe kupambana. Chomwe akufuna n'chakuti mtolankhani, womenyera ufulu kapena wofufuza katangale athe mphamvu ndi ndalama akuyendera kukhoti, ndipo ena oonerera aphunzire kukhala chete. Ku South Africa makampani a migodi ogwirizana ndi kampani ina ya ku Australia anasumira maloya ndi omenyera chilengedwe 6, kufuna ndalama zoposa R14 miliyoni chifukwa cha zomwe anayankhula poyera. Mu Novembala 2022 bwalo loona za malamulo aakulu a dzikolo linavomereza kuti wosumiridwa angadziteteze ponena kuti mlanduwo ndi wongomutsekera pakamwa. Mu Juni 2023 bwalo la ku Pietermaritzburg linataya mlandu womwe Jacob Zuma anatsegulira yekha woimira boma Billy Downer ndi mtolankhani Karyn Maughan, ponena kuti kunali kugwiritsa ntchito khoti molakwika.

Kuno anthu sanaiwale za pa 6 Disembala 2022, pamene apolisi anazinga nyumba ya Martha Chizuma, yemwe pa nthawiyo anali mkulu wa bungwe lothana ndi katangale la ACB, m'bandakucha n'kupita naye kupolisi ya Namitete. Wodandaula anali Steven Kayuni, mkulu woimira boma pa milandu pa nthawiyo, yemwe anati mawu a Chizuma m'zokambirana za pafoni zomwe zinatuluka poyera anamuipitsira mbiri. Kayuni anachotsedwa pa udindo mwezi wotsatira, ndipo milanduyo inathetsedwa mu Febuluwale 2023. Miyezi imeneyo mkulu wofufuza akuba ndalama za boma anaithera podziteteza yekha. Mu Julayi 2025 bwalo lalikulu linathetsa gawo 200 la malamulo a zilango, lomwe linkachititsa kuti kuipitsa mbiri ya munthu ukhale mlandu wopita nawo kundende.

Akafunsidwa amene amayendera makhoti chomwe chimadya nthawi, sangayambe ndi mbuzi. Mlandu wa K1.7 biliyoni wa mtsogoleri wakale Bakili Muluzi unayenda zaka 14, ukuima chifukwa cha matenda, maapilo ndi kusinthasintha kwa oimira boma, mpaka unathetsedwa mu Meyi 2023 popanda chigamulo chonena kuti walakwa kapena sanalakwe. Mu 2012 ogwira ntchito m'makhoti ananyanyala kwa miyezi yoposa iwiri pa nkhani ya malipiro, oganiziridwa milandu n'kumangounjikana m'zitolokosi za apolisi. Zigamulo zina zimatha zaka zisanatuluke mlandu utamvedwa kale. Akuluakulu anati mlandu suola, koma mboni zimamwalira, ndipo kwacha yomwe munthu anasumira siikhala yomwe adzalandire.

Bwalo lomwe linasowa

Chimene chikusowa ku Dowa ndi ku Ntchisi ndi bwalo lapafupi lokhala ndi mphamvu ya lamulo. Linalipo. Mabwalo a milandu ya makolo ankaweruza za maukwati, ngongole zing'onozing'ono ndi ziweto, m'Chichewa, pamtunda woyenda pansi. Anaipa mbiri kuyambira mu 1969 pamene Kamuzu anapatsa mabwalo akuluakulu a mtunduwu mphamvu yozenga milandu ya kupha, kenaka ndi youkira boma, maloya osaloledwa kulowamo. Ndi bwalo lotere lomwe mu 1983 linagamula kuti Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera aphedwe. Pa kusintha kwa ndale kwa 1993 ndi 1994 mabwalowa anaimitsidwa, ndipo aang'ono omwe anali osalakwa anapita nawo limodzi, ena n'kusanduka makhoti a majisitireti.

Kuyambira pamenepo katundu yense anagwera mafumu, omwe amaweruza tsiku ndi tsiku koma chigamulo chawo chilibe mano pamaso pa lamulo. Wogonja akakana kupereka nkhuku, mfumu ilibe sherifu. Imadalira manyazi a munthuyo ndi mantha oti tsiku la maliro mudzi udzamuyang'anira kumbali. Nawo mabwalowa ali ndi zilema zake. Pamafunika chabwalo, mfumu imatha kukhala m'bale wa mbali imodzi, ndipo mkamwini kapena mtengwa amayankhula akudziwa kuti pamudzipo ndi wobwera.

Zoyesayesa zilipo. Bungwe la PASI linayamba mu 2008 kuphunzitsa anthu a m'midzi ntchito yoyanjanitsa okangana kwaulere. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakonza kuti m'dera la mfumu yaikulu iliyonse mukhale bwalo la milandu ya malo, amayi ali momwemo, ngakhale kuti silinafike paliponse. Bungwe la Legal Aid Bureau, lomwe linayamba ntchito mu 2015 kuti liziimira osauka, linapempha kuti othandizira maloya aziloledwa kuimira anthu pa milandu ing'onoing'ono m'makhoti a majisitireti, koma bungwe la maloya linatsutsa.

Choncho amene akufuna lamulo latsopano lokhwimitsa njira yopitira kukhoti ayambe wayang'ana amene lamulolo lidzamugwire. Wandale ndi kampani ali ndi maloya odziwa kulambalala chotchinga chilichonse. Chindapusa chokwera kapena chikole chofunika munthu asanasume chidzatsekera kunja tenanti ndi mayi wamasiye, omwe ali kunja kale. Zida zothanirana ndi amtopola oweruza ali nazo: kutaya mlandu msanga, kulipiritsa wosuma mwachipongwe ngakhalenso loya wake, ndi kuika tsiku lothera pa chiletso chilichonse chopatsidwa mbali imodzi kuti mlandu weniweni umvedwe mwachangu. Chofunika n'kuzigwiritsa ntchito mosayang'ana nkhope.

Gawo 110 la malamulo aakulu limalola Nyumba ya Malamulo kukhazikitsa mabwalo a m'madera, ndipo mu 2011 aphungu anavomerezadi lamulo la mabwalo otere, oti aziweruza milandu ya chikhalidwe ndi ina ing'onoing'ono pafupi ndi anthu. Papita zaka zoposa khumi lamulolo lili m'mabuku, koma kwa Msakambewa, kwa Dzoole, kwa Chikho ndi kwa Malenga bwalo lotere silinatsegulidwebe.